Waya wa Njovu pa Firiji ya Mwana Wanga

Mwana wanga wamkazi anamupeza ndi matenda a shuga ali mu giredi 5. Kuyambira pamenepo moyo wathu unalowa m'timabotolo ta insulini, mankhwala amene amadzibaya m'mawa ndi madzulo. Timabotolo timeneti sitigwirizana ndi kutentha. Tikafunda kwa nthawi yaitali mphamvu imatha, koma maonekedwe sasintha, moti umangobaya mwana madzi iwe uli phee. Ndiye ife tinali kukhala ku Nsefu, m'chigwa, kumene mwezi wa Okutobala ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa.

Ine si wa kuchigwa kuno. Kwathu ndi kumtunda, kumene mu Juni timavala majuzi awiri. Ananditumiza kuno kudzaphunzitsa sayansi ku sekondale, ndipo ndinabwera nditatsimikiza kuti pakangopita zaka ziwiri ndithawa. Ndinakwatiwa ndi Mkunda, munthu wa mtundu wa kuchigwa konkuno, kuthawa kunathera pomwepo. Mwamuna wanga amaphika mu kampu ya alendo mkati mwa paki ya nyama zakutchire, ndipo amakhala komweko chilimwe chonse mpaka mvula itseke misewu. Foni kumeneko imagwira akakwera pachulu, ndipo pachulupo sakwera tsiku lililonse.

Tinali ndi kafiriji kakang'ono koyendera batire ya mavoliti 12. Sola inali padenga, batire pakona ya pabalaza, firiji pambali pake. Miyezi yozizira zonse zinkayenda bwino. Koma nyumba ya aphunzitsi ndi ya malata, ndipo dzuwa la Okutobala likaima pamutu, m'nyumbamo mumasanduka uvuni. Firiji inkalira osapuma kulimbana ndi kutenthako, batire n'kutha kusanache. Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditangobwera kumene kuchipatala cha ku boma ndi timabotolo ta nyengo yonse ya mvula, chifukwa mvula ikayamba dothi lakuda la kuno limameza njinga ndipo mitsinje imadula msewu. Anesi pondipatsa ananena mosabisa kuti mankhwala amenewo ndiwo athu mpaka misewu iume. Ndinkati ndikatsegula firiji n'kutiona titandandalikana, ndinkatiwerenga kamodzikamodzi.

Amene anabwera ndi nzeru ndi apongozi anga aamuna. Iwo anagwira ntchito zaka zambiri pa loji ina ya alendo, kusamala mpanda wa magetsi wotchinga njovu. Atapuma pantchito anawapatsa kamakina kakang'ono ka mpanda, ndipo anazunguliza waya dimba lawo la kumtsinje. Dimba limenelo ndilo linkawadyetsa iwo ndi apongozi aakazi m'miyezi ya njala, chimanga cha kumunda chisanache. Mdzukulu wawoyu ankamukonda mochititsa manyazi. Ankamutcha mkazi wawo wamng'ono, ndipo iye ankawanena kuti ndi mwamuna waulesi wosagula ngakhale sopo.

Ine ndi iwo sitinkalankhulana maso ndi maso. Ndimo mmene ndinapezera pabanjapo. Akafika ndinkagwada chapatali, n'kupereka moni nditayang'ana kumbali, ndipo nkhani iliyonse yoposa moni inkadzera mwa munthu wina. Mwamuna wanga akakhalapo inkadzera mwa iye. Akachoka inkadzera mwa mwanayo. Iwo ankati, "Uwauze amayi ako zakutizakuti," ine ndili pomwepo ndikumva, nanenso n'kuyankha kuti, "Uwauze ambuya ako." Poyamba zinkandiseketsa. Ine munthu wapakamwa, amene ana asukulu amandithawa ndikadali kutali, kukhala ngati mwanawankhosa! Koma ndinazolowera, ndipo ndinafika pozikonda.

Nzeru yawo inali yakuti firiji ichoke m'malata, ipite m'kanyumba ka udzu kamene kanali kuseri pansi pa mtengo wa bwemba. Anali ndi mfundo. M'kanyumbamo munali mozizirira bwino, ukalowa thukuta limauma. Vuto linali lakuti chingwe cha kopa chimene chinabwera ndi firiji chinali chachifupi, chosafika n'pakhomo pomwe. Mawa lake apongoziwo anafika atakoleka mkombero wa waya pa hendulo ya njinga, wotsala pamene ankamanga mpanda wa kudimba. Anakumba timitengo, n'kudula tizidutswa ta paipi ya pulasitiki kuti waya usakhudze mtengo, n'kukoka mizere iwiri kuchokera pa batire kukafika m'kanyumbamo. Ntchito yake inali yaukhondo, yowongoka ngati anachita kuyeza ndi rula.

"Uwauze amayi ako asade nkhawa," anauza mwanayo akupukuta manja. "Waya uyu amanyamula moto wobweza njovu yaimuna. Mavoliti masauzande. Nanga kafiriji aka n'chiyani?"

Tinalumikiza dzuwa lili pamutu. Firiji inalira bwinobwino, pofika madzulo botolo la madzi linali litachita thukuta lozizira. Ndinathokoza kudzera mwa mwana, ndipo ndinathokoza ndi mtima wonse.

Zinayamba pang'onopang'ono. M'mawa wina ndikutenga botolo loti mwana abaye, ndinamva ngati silikuzizira monga kale. Ndinadziuza kuti mwina manja anga ndiwo azolowera. Kenako mwana anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe yochokera kubusa, n'kumapita kuchimbudzi pafupipafupi. Kamakina koyezera shuga kanayamba kuonetsa manambala amene sindinkafuna kuwaona. Mango anali atayamba kupsa, ndiye ndinamukalipira kuti akudya mobisa kusukulu. Analumbira kuti sanalawe n'limodzi lomwe, misozi ili lengelenge, n'kundiuza kuti ndikafunse anzake. Mwana wanga sanama pa za shuga, amaopa kuposa ine.

Tsiku lotsatira ndinalawirira kukanyumba kuja kusanayere bwino. Ndinapeza kanyali kofiira kakuphethira pa firiji. Ndinaima n'kumvetsera. Injini inkayamba kulira, n'kungoti pang'ono, thi, yazima. Pakapita kanthawi iyesenso, thi. M'kati munali mofunda ngati m'kabati ya mbale. Ndinakhala pansi pomwepo padothi.

Ndinathamangira pa batire, poganiza kuti yatha ngati kale. Ayi ndithu, mababu a m'nyumba ankawala bwino, wailesi ikulankhula. Dzuwa litakwera firiji inadzuka yokha, n'kumalira ngati palibe chimene chachitika. Apongozi atabwera masana, mwana anawauza. Analowa m'kanyumbamo, anagwira botolo, anayendera waya wonse ndi maso awo odziwa ntchito, anakoka apa ndi apo. Panalibe podukira, panalibe pokhudza udzu. Anauza mwanayo kuti zonse zili m'malo, mwina firiji inangotopa. Sindikanawatsutsa, chifukwa pa nthawi imeneyo inalidi kugwira ntchito pamaso pathu tonse.

Ndinapalasa njinga kupita kukiliniki. Anesi a kumeneko ndi ochokera ku chigawo cha Migodi, Chinyanja chawo n'chosakaniza ndi Chibemba, koma tinamvana. Anati botolo lotsegula kale nditaye, nditsegule latsopano, ndione ngati shuga atsika. Akatsika ndiye kuti otsalawo akadali ndi moyo. Ndinapempha kuti andisungire mu firiji yawo, koma anati imeneyo ndi ya katemera yekha, ndiponso mvula ikayamba mtsinje wa pakati pathu sindidzauwoloka. Anandiuza zoika timabotolo mu mphika wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa usiku, koma anandichenjeza kuti zimenezo n'zongodikirira, si za miyezi. Botolo latsopano linagwira, shuga anayamba kutsika. Ndinapuma pang'ono, koma ndinadziwa kuti m'mawa uliwonse wofunda ukudya mankhwala otsalawo.

Loweruka ndinabwereka mita yoyezera magetsi ya ku labu ya kusukulu. Ndi mita yomwe ija imene ndimaphunzitsira ana a giredi 12 ndi mabatire a tochi ndi tibabu. Chaka chilichonse ndimalemba pa bolodi kuti waya aliyense amakaniza magetsi kudutsa, wina pang'ono wina kwambiri, ndipo kukanizako timakuyeza m'maomu. Ukafuna kukudziwa, umatenga mavoliti amene atayika panjira n'kugawa ndi maampu amene akudutsa. Ukafuna kudziwa mphamvu imene ikuthera panjirapo, umachulukitsa mavolitiwo ndi maampuwo, n'kupeza mawati. Ana amalemba akuyasamula, ena akudzipepesera mphepo ndi makope. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzachita samu imeneyi pofuna kupulumutsa mankhwala a mwana wanga.

Ndinayamba dzuwa lili pamutu, firiji ikulira. Pa batire mita inaonetsa 13.6, chifukwa sola inali kuthira moto. Ndinapita m'kanyumba n'kuyeza pamene waya ukulowera mu firiji. Inaonetsa 10.8. Ndinayezanso, poganiza kuti ndagwiritsa molakwika. Inabwereza 10.8. Ndinamasula waya mbali imodzi, n'kulowetsa mita pakati kuti magetsi adutse mwa iyo. Maampu anali 4.

Ndinatola kamtengo n'kulemba pansi, pafumbi la pansi pa bwemba. Mwana anadzakhala pambali panga atanyamula botolo lake la madzi. Pa 13.6 kuchotsa 10.8, patsala 2.8. Amenewo ndi mavoliti amene ananyamuka pa batire koma sanafike. Kugawa 2.8 ndi 4, yankho 0.7. Kukaniza kwa waya wa apongozi anga kunali maomu 0.7, osakwana n'imodzi yomwe. M'kalasi nambala yotere mwana akaipeza amaiona ngati palibe kanthu. Ndinachulukitsa 2.8 ndi 4, ndinapeza mawati 11 ndi kapamwamba. Mphamvu yokwana kuyatsa mababu atatu a m'nyumba mwathu inkangothera kufunditsa waya panja, ndipo padzuwa limenelo sukanaimva n'komwe pougwira.

"Ndiye chikulakwika n'chiyani, amayi?" mwana anafunsa. "Si ikulira iyo?"

Ndinamuonetsa kachipepala komata kumbuyo kwa firiji, pamene analemba kuti moto ukatsika kufika 10.4 imadzizimitsa yokha pofuna kuteteza batire. Masana inkalandira 10.8, kungopulumukira pang'ono. Koma dzuwa likapendeka sola imaleka kuthira, batire n'kukhazikika cha pa 12.4. Waya sasamala kuti ndi masana kapena madzulo, amatenga 2.8 yake basi. Ndinalemba pafumbi: 12.4 kuchotsa 2.8. Mwana anayankha yekha kuti 9.6, kenako anayang'ananso kachipepala kaja.

Tinadikira madzulo. Sindinathe kuphika, sindinathe kuchonga mapepala a ana, ndinkangozungulira bwalo. Mthunzi wa bwemba utafika pakhoma la nyumba, ndinakagwada m'kanyumbamo ndi mita. Firiji inapuma monga imachitira, kenako inayamba kulira. Manambala anatsika ndikuona: 11, 10, mpaka 9.6. Thi. Kanyali kofiira kanayamba kuphethira. M'kalasi samu ikatuluka ndendende ndimavina, ana amadziwa. Tsiku limenelo sindinavine.

Apongozi sananame. Waya wawo amanyamuladi mavoliti masauzande, ndipo pa masauzande ukataya atatu njovu siidziwa. Koma pa 12 ukataya atatu wataya chigawo chachikulu. Waya wa mpanda ndi wachitsulo, anaupangira kulimba kuti njovu isaudule, ndipo chitsulo chimakaniza magetsi kuposa kopa kutalitali. Kuno aliyense amaulemekeza waya umenewu chifukwa anaonapo njovu ikubwerera chambuyo itaukhudza. Ndani akanaukayikira pa kafiriji?

Ndinayesa kuimbira mwamuna wanga, foni osalowa. Chingwe cha kopa chonenepa chimapezeka ku Chipata, ndipo sindikanasiya mwana shuga wake asanakhazikike, ana a mayeso nawonso ali pakhosi. Kubwezera firiji m'malata kunali kubwerera ku vuto lakale la batire kutha kusanache. Kusamutsa batire kunafuna kusamutsanso sola ndi mawaya onse a m'nyumba, ndipo ine padenga sindikwera. Ndinaika timabotolo mu mphika wa mchenga wonyowa, ndipo m'mawa ndinapeza mchengawo utauma pamwamba.

Yankho linalinso pa bolodi langa, pa mutu umene ana amalephera chaka ndi chaka. Magetsi ukawapatsa njira ziwiri zofanana m'malo mwa imodzi, kukaniza kumatsika ndi theka. Ukawapatsa zitatu, kumagawika patatu. Ndinabwerera pafumbi paja. Mawaya awiri mbali iliyonse: 0.35 kuchulukitsa ndi 4, kutayika 1.4. Madzulo zikanayenda, koma mbandakucha batire imatsika kufika cha pa 12, firiji n'kulandira 10.6. Pamenepo ndi pamphepete penipeni, ndipo moyo wa mwana wanga sindiuika pamphepete. Mawaya atatu mbali iliyonse: kutayika kosakwana voliti imodzi. Madzulo firiji ilandire 11.5, m'mawa 11 ndi kapamwamba. Panafunika mizere ina inayi ya waya womwewo.

Samu inatha msanga. Chimene chinandivuta ndi mmene ndinganenere. Munthu wamkulu, wagwira waya moyo wake wonse, wakumba timitengo padzuwa chifukwa chokonda mdzukulu wake, ndiye ine mkamwini wochokera kumtunda ndimuuze kuti waya wake ndiwo ukuononga mankhwala a mwana? Ndiponso ndinene kudzera m'kamwa mwa mwana yemweyo? Ine mawu ozungulira sindiwatha. Kusukulu ahedi anandidandaulapo kuti ndikamalankhula ndimagenda. Usiku wonse ndinkasula mawu, n'kuwataya, n'kusulanso ena.

Lamulungu anafika atachoka kutchalitchi. Ndinawaikira mpando pansi pa bwemba, ine n'kukhala pamphasa chapatali nditayang'ana ku khitchini. Mwana anakhala pakati pathu.

"Mwaswera bwanji, atate?"

"Taswera bwino, kaya inu, amayi."

Moni unathera pomwepo, zotsala zinali za mwana.

"Uwauze ambuya ako kuti ndayeza ndi mita ya kusukulu. Kanyumba kaja n'kabwino, firiji sikuvutikanso ndi kutentha. Koma moto wa batire ndi wochepa, si ngati wa mpanda. Panjira ukutopa. Waya uli wokha, ukufuna anzake."

Mwana anabwereza, ngakhale anali atamva kale. Iwo anayang'ana mizere iwiri ija.

"Uwafunse amayi ako," anatero pang'onopang'ono, "kodi ndiye kuti dzuwa likalowa firiji imazima?"

"Imazima."

"Masiku onsewa?"

"Masiku onsewa."

"Ndiye shuga uja anakwera chifukwa cha waya wanga."

Silinali funso, ndipo mwana sanabwereze. Mwanayo anandiyang'ana ine, maso ali tong'o. Kunama sindikanatha, chifukwa munthu uyu si wopusa, ndipo kuvomera kunali ngati kumumenya mbama pabwalo langa.

"Uwauze kuti popanda kanyumba kaja batire ikanatha kalekale," ndinatero. "Uwauze kuti mankhwala otsala ali moyo, tawayesa. Waya sunalakwe, anangoupangira ntchito ina. Tikauphatikiza utatu utatu ugwira."

Anatenga dzanja la mdzukulu wawo, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana nsonga za zala zimene amazibaya poyeza shuga. Sanamuseke za ukwati wawo monga mwa masiku onse.

"Mizere ingati?"

"Inayi, yotalika ngati iyi."

Anaimirira, anakwera njinga, tiyi amene ndinawaikira ali chikhalire. Ndinaganiza kuti ndawakhumudwitsa ndipo sabweranso. Ndinakalipira mwana chifukwa cha kapu imene sanatsuke, kenako ndinamukumbatira, iye n'kundiuza kuti ndikumutenthetsa.

Apongozi anabweranso dzuwa litayamba kupendeka, malaya atanyowa ndi thukuta, waya uli pa hendulo. Sunali wonyezimira ngati woyamba uja. Unali wotuwa, wopindikapindika mwina ndi mwina, ndipo pena panali patatsalira tizidutswa ta paipi. Ndinaziona zimenezo, koma maso anga anali pa mthunzi wa bwemba umene unkayandikira khoma. Anagwira ntchito osalankhula, kupota mawaya atatu atatu ndi pulayala, kumanga kumapeto molimba. Ine ndinkapalira nsonga ndi mpeni kuti ziyere, n'kumapatsa mwana kuti awapatsire.

Tinamaliza mthunzi utafika kale pakhoma. Tinalowa tonse atatu m'kanyumbamo, mopanikizana kuposa mmene mwambo umalolera, koma palibe anasamala. Ndinagwiritsa mita. Firiji inayamba kulira. Manambala anatsika kuchoka pa 12.4, mtima wanga n'kutsika nawo. Anafika pa 11.5 n'kuima. Ndinadikira kumva thi uja. Sanamveke. Injini inangopitiriza kulira, ndipo kanyali kanakhala kobiriwira.

"Uwauze ambuya ako kuti yagwira," ndinatero.

Iwo anangogwedeza mutu. Ndinawapempha kudzera mwa mwana kuti adye kaye, koma anati akuthamangira kudimba kusanade.

Mbandakucha ndinali kale m'kanyumbamo. Botolo la madzi linali litazizira bwinobwino. Ndinagwira timabotolo ta insulini kamodzikamodzi, tonse tili zii. Shuga wa mwana anabwerera m'malo mwake, ludzu linatha, anayambanso kundiyankha mwano, ndipo ndinadziwa kuti wachira. Komabe mtima sunakhale pansi. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndi firiji ndisanasambe m'maso, ndipo mita ya kusukulu ndinaibweza mochedwa mpaka mnzanga wa ku labu anachita kuitumira uthenga.

Apongozi anasowa masiku angapo, zimene sizinali zachizolowezi chawo. Ndinkaganiza kuti akadali ndi manyazi ndi nkhani ija. Kenako m'mawa wina, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana kumapiri, anatulukira akukankha njinga. Miyendo inali matope mpaka m'mawondo, akuyenda molefuka ngati munthu wosagona. Pa kariya panali kathumba. Anakatsitsa pakhomo, ndipo munali zitsononkho zingapo za chimanga chosakhwima, zina zophwanyika, ndi tomato wobiriwira.

Sanakhale pampando. Anapita molunjika kukanyumba kuja, ife tikuwatsatira. Ndinawatsegulira firiji. Analowetsa dzanja, anagwira botolo limodzi, analiika patsaya.

"Ambuya, mwagwa m'matope?" mwana anafunsa.

"Alendo anabwera kudimba," anayankha. "Atatu ndi kamwana."

Kuno munthu akati alendo kudimba, palibe amafunsa kuti alendo ake ati, aliyense amadziwa kuti ndi njovu. Mwana anafunsa kuti nanga mpanda unatani, makina afa? Iwo anati makina ali bwino. Anati mbali ya kumtsinje inali yotsegula. Anamangapo nsanza zopaka tsabola ndi oyilo kuti fungo lizibweza njovu, n'kumagona komweko ndi moto ndi chitini choimba, ndipo masiku oyamba zinkabwerera. Usiku wathawu mphepo inatembenuka, tsabola sanazifike, ndipo chitini sizinachisamale. Ananena zonsezi ngati akunena za dimba la munthu wina.

Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira waya wotuwa uja, mopindika muja, ndi tizidutswa ta paipi. Mkombero wotsala unali utathera pa mizere iwiri yoyamba. Inayi ija anachita kumasula pa mpanda wawo. Pa chimanga chimene chikanawadyetsa iwo ndi apongozi aakazi mpaka kukolola, chotsala chinali cha m'kathumba kaja pakhomo basi.

Ndinaiwala mwambo. Ndinatembenuka n'kuwayang'ana kumaso, koyamba chikwatiwire pabanjapo. Ndinaona kuti ali ndi kachipsera pachikope, chimene sindinkachidziwa zaka zonsezo.

"Atate, bwanji simunandiuze? Tikanapeza njira ina. Tikanadikira kopa."

Sanandiyang'ane. Anabwezera botolo m'malo mwake mosamala, pakati pa anzake, n'kutembenukira kwa mdzukulu wawo.

"Uwauze amayi ako atseke firiji," anatero. "Kuzizira kukutuluka."